Kuweta galu wa corgi ku Mangochi kuno: mmene mungachitire kuti asavutike

Anthu ambiri akaona corgi pa Facebook kapena pa TikTok, kagalu kafupi miyendo, makutu ali njo, kakuyenda kumbuyo kukugwedera, amangoti ine ndikufuna kameneka basi. Sindikuwadzudzula ayi, ndi galu wachikondi zedi, wanzeru, amakutsata paliponse olo ukupita kubafa amakadikira pakhomo. Ine ndimaweta corgi ku Mangochi kuno ndipo ndimamukonda kwambiri, nchifukwa chake ndikufuna ndikuuzeni zonse mosabisa. Galu ameneyu kwawo ndi ku Wales, dziko lozizira la mvula pafupipafupi, ndipo ntchito yake kuyambira kalekale inali yokusa ng'ombe, si chidole ayi. Nde mukamubweretsa kuno kunyanja komwe Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 35, ndinuyo amene muyenera kusintha tsiku lanu kuti ligwirizane ndi iyeyo, chifukwa iye thupi lake sangalisinthe.

Poyamba, mudziweni galuyo musanatulutse ndalama

Ma corgi alipo amitundu iwiri, Pembroke ndi Cardigan, ndipo ku Britain anayamba kuwawerenga ngati mitundu yosiyana mu 1934. Amene mumamuona kwambiri pa intaneti ndi Pembroke, yemwe anatchuka chifukwa cha Mfumukazi Elizabeth II amene anaweta agalu oposa 30 amtunduwu, kuyambira ndi wina dzina lake Susan yemwe anapatsidwa mu 1944 atakwanitsa zaka 18. Pembroke amatalika masentimita 25 mpaka 30 kufika paphewa, kulemera kwake ndi makilo 10 mpaka 14. Cardigan ndi wamkuluko pang'ono, makutu akuluakulu obulungira kunsonga, mchira wautali. Onse amakhala zaka 12 mpaka 15 akamasamalidwa bwino, nde ganizirani, mwana amene ali sitandade 1 lero adzakhala atalemba Fomu 4 galuyo akadali moyo.

Dzifunseni moona mtima: nyumba yanu ili ndi mpanda? Pali mthunzi weniweni masana, osati kamthunzi ka malata? Pamakhala munthu pakhomo nthawi ya 12 koloko mpaka 3 koloko? Galu atadwala usiku mungapeze thiransipoti ndi ndalama yofikira kwa dokotala wa ziweto, mwina mpaka ku Blantyre komwe ndi makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi Zomba? Ngati mayankho ambiri ndi ayi, chonde tengani galu wachikuda. Ndikunena izi ndi mtima wonse, agalu athu achikuda amapirira dzuwa, sadwaladwala, amaphunzira bwino ndipo amakonda mbuye wawo chimodzimodzi. Amene muli ku Namwera kumtunda kuja muli ndi mwayi pang'ono chifukwa kumazizirirako, koma ife a ku Boma, Mpondasi, Namiyasi, Makawa mpaka Monkey Bay nkhani ya kutentha ndi yaikulu.

Kugula

Corgi weniweni ndi wosowa m'Malawi muno, nde akuba apezerapo mwayi. Amaika chithunzi chokongola pa gulu la WhatsApp, amvekere tumizani theka pa foni tikutumizirani pa basi, mukatumiza nambala ija yazima. Musatumize ndalama musanamuone galu ndi maso anu. Muone mayi wake, muone pomwe tiagalu tikugona, ngati pali fungo la chimbudzi chamagazi kapena kena kali phee pakona sikakusewera, bwererani. Kagalu kasachoke kwa mayi wake kasanakwane masabata 8, ndipo kabwere ndi khadi la katemera losainidwa ndi a vetenale, osati kungouzidwa pakamwa kuti kanabayidwa kale. Mukafuna kuitanitsa ku South Africa mufunika chilolezo cha ku dipatimenti ya za umoyo wa ziweto ndi mapepala a katemera wa chiwewe, yambani kaye ndi mapepalawo musanalipire galu.

Tsiku lokatenga nyamukani m'mamawa kwambiri kapena madzulo, mawindo otsegula, botolo la madzi ndi kambale pafupi. Musamuike mu buti ya galimoto, ndipo musamusiye m'galimoto yotseka olo mukungotsika kukagula chinangwa pa Ulongwe, mphindi zochepa zokha zimakwana kuti kagalu kafe.

Konzani pakhomo asanafike

Miyendo yake ndi yaifupi koma amadziwa kukumba ndi kupyola pansi pa geti, nde tsekani mipata yonse ya pansi, makamaka mpanda ukakhala wa bango kapena udzu. Kanyumba ka galu ka malata kaja anthu amakonda kumanga pakona padzuwa, kwa corgi ndi uvuni, ayi ndithu. Malo ake abwino ndi pakhonde la simenti la mbali yomwe dzuwa la masana silifika, kapena m'nyumba momwe pansi pa matailosi. Mukamanga kanyumba folerani ndi udzu, mbali zikhale zotsegula mphepo izidutsa. Pogona pake pakhale kampasa kapena kachiguduli komwe mungachape ndi kusita, chifukwa chake ndinena kutsogoloku. Ndipo tcheni cha tsiku lonse iwalani, galu ameneyu akamangidwa amauwa osalekeza mpaka amasanduka wolusa.

Kutentha, apa ndiye pagona nkhani

Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja, ndi pang'ono chabe kudzera m'mapazi. Corgi ali ndi ubweya wa magawo awiri, wapamwamba wolimba ndi wamkati wofewa wothithikana, komanso mimba yake ili pafupi kwambiri ndi nthaka, nde kutentha kochokera mumchenga kapena pa tala kumamufika mwachindunji kuposa galu wamtali. Mchenga wa kuno masana mukuudziwa, olo ife opanda silipasi sitiponda.

Chitani chonchi. Kuyenda naye kukhale m'mamawa dzuwa lisanatuluke bwinobwino, cha m'ma 5 koloko mpaka 6, kenako madzulo likalowa. Mphindi 30 m'mawa ndi 30 madzulo zimamukwana galu wamkulu, kagalu kakang'ono chepetsani kwambiri. Musananyamuke ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi, muwerenge mpaka 5 pang'onopang'ono, ngati simungapirire iyenso mapazi ake apsa. Masana onse ndi nthawi yogona, ana akaweruka kusukulu asamuthamangitse ndi mpira 1 koloko, auzeni adikire madzulo.

Madzi akhale m'malo awiri kapena atatu, pamthunzi. Galu wa makilo 12 amamwa madzi opitirira theka la lita patsiku ndipo nyengo yotentha amamwa ochuluka kuposa apo. Ine ndimasunga ake mumtsuko chifukwa amakhala ozizira olo magetsi azime tsiku lonse, mbale ya chitsulo ikakhala padzuwa madzi amafunda ndipo galu amawakana. Thirani madzi pasimenti pomwe amagona, mudzaona akubwera kudzagona chafufumimba miyendo yakumbuyo atayitambasula ngati chule, ndi kagonedwe kawo ma corgi ndipo kamasangalatsa kuona. Beseni lalikulu lochapira lija thiranimo madzi ofika m'mawondo mwake aziponda momwemo. Muli ndi fani muyatsireni, muli ndi filiji muumitsireni madzi m'botolo la pulasitiki mulikulunge m'kansalu agone pambali pake.

Tsono chinthu chimodzi chimene ndimapempha aliyense, musamumete. Anthu amaganiza kuti akamumeta mpala apepukidwa, koma ubweya wapamwamba uja ndi umene umatchinga dzuwa kuti lisaotche khungu, ndipo ukametedwa nthawi zina sumeranso bwino, umatuluka wa zigambazigamba. Chofunika ndi kupesa kuti ubweya wamkati wakufa uchoke mphepo izifika pakhungu.

Zizindikiro zoti kutentha kwamupweteka muzidziwe pamtima, inu ndi aliyense wa pakhomo mpaka wantchito: kupuma mothamanga kosaleka olo ali pamthunzi, dovu lambiri lonanda, nkhama zofiira kwambiri, kuyenda dzandidzandi, kusanza, kugwa. Thupi la galu limakhala pa madigiri 38 mpaka 39, likafika 41 moyo uli pachiswe. Zikatero musayambe ndi kufunafuna galimoto, yambani kumuziziritsa pompo, mupititseni pamthunzi, muthireni madzi ozizira thupi lonse makamaka pamimba, m'khwapa ndi m'mapazi, mukupizeni ndi katoni kapena lichero, mpatseni madzi pang'onopang'ono ngati akutha kumwa yekha koma osamuthira mkamwa mokakamiza. Musamufunditse chinsalu chonyowa n'kumusiya choncho chifukwa chimasunga kutentha. Kenako thamangani naye kwa a vetenale olo akuoneka kuti wachira, impso ndi chiwindi zimatha kuwonongeka mkati osaonekera tsiku lomwelo.

Katemera, njoka za m'mimba, nkhupakupa ndi mphutsi

Pitani ku ofesi ya za ziweto ku Boma sabata yoyamba yomwe, mukatenge nambala ya mlangizi wa ziweto wa dera lanu muisunge mu foni. Katemera wa parvo ndi distemper, matenda awiri oopsa amene agalu amapatsirana, amayamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakadutsa masabata 3 kapena 4 mpaka kafike masabata 16. Asanamalize majekeseni amenewa asapite kumsika, kudoko kapena kulikonse komwe agalu ena amachita chimbudzi, parvo amapha tiagalu tambiri ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Mukaona kagalu kakusanza ndi kutsekula m'mimba zamagazi zonunkha kwambiri, musagone nako.

Katemera wa chiwewe ndi pa miyezi 3, kenako chaka chilichonse. Apa palibe kukambirana, chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichizika kwa galu kapena kwa munthu, ndipo ambiri amene amalumidwa ndi ana. Pa 28 Seputembala ndi tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse, muzitchera khutu chifukwa nthawi zina kumakhala katemera waulere. Munthu akalumidwa ndi galu aliyense, olo wanu yemwe, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo khadi la galu litengeni.

Mankhwala a njoka za m'mimba: masabata awiri alionse mpaka kagalu kafike masabata 12, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, akakula miyezi itatu iliyonse. Mlingo umatengera kulemera, nde mukwereni naye pa sikelo mutamunyamula kenako mukwere nokha muchotsere.

Nkhupakupa kuno ndi zambiri chifukwa cha mbuzi ndi ng'ombe, ndipo mu ubweya wa corgi zimabisala simungazione ndi maso, muzifufuza ndi zala madzulo alionse, m'makutu, m'khosi, pakati pa zala za mapazi, kunsi kwa mchira. Zimabweretsa matenda owononga magazi, galu amafooka, amakana chakudya, nkhama zimayera kapena kuchita chikasu, mkodzo umada. Amenewa amachizika mukafulumira. Pali mapiritsi ngati Bravecto amene amagwira masabata 12, kapena NexGard wa mwezi umodzi, ndi odula ndithu koma amapha nkhupakupa ndi nthata zomwe. Dibi ya ng'ombe musasungunule mwa m'mutu mwanu, galu wamng'ono ngati uyu mukapyoza mlingo mumupha, funsani mlangizi. Panado ndi bulufeni wa anthu musamupatse.

Nkhani ya mphutsi anthu obwera kumene kunyanja saidziwa. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira mumchenga wa pamthunzi pomwe pali mkodzo kapena chimbudzi, komanso pa nsalu zonyowa zoyanikidwa, makamaka nyengo ya dzinja. Timphutsi timalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Corgi poti mimba yake imakhudza pansi amazitenga kwambiri. Mukapeza chotupa chotere pakani Vaseline pakabowopo kuti mphutsi isowe mpweya, dikirani pang'ono kenako finyani mofatsa kuchokera m'mbali ituluke yathunthu, mutsuke ndi madzi a mchere. Zikachuluka kapena pakachita mafinya pitani naye. Kupewa kwake ndi kusesa chimbudzi chake tsiku ndi tsiku, kusamulola kugona pamchenga wonyowa, ndi kusita kachiguduli kake mukachapa.

Chakudya

Corgi sakhuta. Adya mbale yake, abwera kudzakhala pambali panu maso ali pa nsima yanu, kenako apita kwa ana, kenako kwa agogo, aliyense akumuponyera kanthongo poganiza kuti sanadye. Mapeto ake amanenepa, ndipo kunenepa kwa galu wa msana wautali miyendo yaifupi ndi chiyambi cha mavuto onse, msana, chiuno, komanso kutentha kumamupweteka msanga. Nde pakhomo pakhale lamulo, wopatsa chakudya ndi munthu mmodzi, ndi kapu imodzi yoyezera.

Kagalu kadye katatu kapena kanayi patsiku, wamkulu kawiri, m'mawa kwambiri ndi madzulo kukazizira. Ngati mukugula chakudya cha m'matumba chija, galu wamkulu kapu imodzi kapena kupitirira pang'ono patsiku lonse imakwana, tsatirani zolembedwa pathumba potengera kulemera kwake. Ngati mukuphika nokha, ife kuno tili ndi mwayi wa nsomba. Phikani usipa kapena bonya bwinobwino popanda mchere, anyezi kapena tsabola, sakanizani ndi nsima ya mgaiwa kapena mpunga pang'ono, onjezani maungu, kaloti kapena mbatata yowiritsa, dzira lowiritsa masiku ena, chiwindi cha nkhuku kamodzi pa sabata. Ndiwo zichuluke kuposa nsima, mkute wokhawokha ndi msuzi galu amangotupa mimba koma thupi silimanga. Kagalu komwe kakukula ndi bwino mlangizi akuuzeni za kashiamu yemwe amalimbitsa mafupa, zikamba za mazira zowiritsa zosinjidwa mpaka ufa zimathandiza.

Zosayenera: minga za chambo, kampango ndi mcheni, mafupa a nkhuku ophika chifukwa amasweka mosongoka n'kubaya matumbo, anyezi, adyo, chokoleti, mphesa, ndi nsomba zaziwisi kapena zowola za kudoko. Nyengo ya mango samalani ndi nthangala zake, akameza imatseka matumbo. Chitsononkho cha chimanga chimodzimodzi.

Kuti mudziwe ngati wanenepa, gwirani m'nthiti. Muzizimva mosavuta popanda kukanikiza, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka cholowa mkati. Ngati nthiti simukuzipeza chepetsani chakudya pang'ono muonenso pakatha masabata awiri.

Msana

Asamadumphe kuchoka pabedi, pasofa kapena kumbuyo kwa pikapu, ndipo masitepe ataliatali asamakwere ndi kutsika tsiku lonse makamaka akadali wamng'ono. Ponyamula, dzanja limodzi pansi pa chifuwa lina pansi pa matako, thupi likhale lowongoka, ana aphunzitseni zimenezi chifukwa iwo amakonda kunyamula m'khwapa kumbuyo kukulendewera. Mukaona akulira mukamugwira, wapinda msana, akukoka miyendo yakumbuyo kapena akulephera kukodza, mutsekereni pamalo pang'ono asayendeyende ndipo mupite naye tsiku lomwelo, atagona pa thabwa kapena mu bokosi, osati pa njinga yamoto ali m'manja.

Kumuphunzitsa, ndi kukhala bwino ndi aneba

Apa ndi pomwe corgi amakoma. Amagwira zinthu msanga modabwitsa, "khala", "bwera", "siya", "gona", masiku ochepa wadziwa, ndipo amasangalala kuphunzira, mudzaona makutu ali njo akudikira kuti munena chani. Muziphunzitsa mphindi 5 kapena 10 zokha, kawiri patsiku, muli ndi tiusipa towuma m'thumba, akachita bwino kamodzi pompo ndi mawu okoma. Tiusipa timeneto muchotsere pa chakudya cha tsikulo. Mawu akhale amodzimodzi kwa onse, osati bambo akuti "khala" mayi akuti "sit" ana akuti zina. Kumenya ayi, galu wanzeru ukamumenya amaphunzira kukuopa ndi kubisa, saphunzira chomwe ukufuna.

Za kuchimbudzi, kagalu katulutseni kakangodzuka, kakangodya ndi kakatha kusewera, malo amodzimodzi, kakachita kayamikireni.

Vuto lenileni ndi zidendene. Ku Wales ankakusa ng'ombe poziluma kuzidendene kenako n'kubwanthama kuti chiboda chidutse pamwamba, nchifukwa chake kufupikako kunali kofunika. Khalidwe limeneli likadali m'magazi, chilichonse chothamanga iye amafuna achikuse, ana, nkhuku, abakha, mbuzi za aneba, wakabaza wodutsa. Si nkhanza koma mano ndi mano, mwana akalumidwa makolo ake sadzamva zoti galu amasewera. Yambani akadali kamwana: akagwira chidendene imani chilili osathawa osakuwa, nenani "ayi" kamodzi mwamphamvu, mpatseni chingwe chopota kapena mpira alume chimenecho, akabwereza masewera atha mulowe m'nyumba mumusiye. Ana auzeni kuti akathamanga akukuwa iye amaona ngati ntchito yayamba. Mpatseninso ntchito ina yoti mutu wake utope, kubisa chakudya pabwalo azifufuza, kutola mpira madzulo, kapena mpira waukulu wa chikopa woti aziukankha ndi mphuno. Corgi wosowa chochita amauwa, amakumba dimba ndi kutafuna silipasi.

Miyezi inayi yoyamba muzolowetseni zinthu zambiri mofatsa, phokoso la njinga yamoto, anthu ovala mikanjo ndi hijabu, nkhuku, mbuzi, alendo, mutamunyamula kapena muli pakhomo panu poti katemera sanathe.

Tsono za aneba ndikufuna ndinene mosamala. Kuno ambiri mwa abale athu ndi Asilamu, ndipo kwa ambiri a iwo malovu a galu ndi najisi, akakhudza chovala kapena thupi munthu ayenera kutsuka mwa dongosolo lake asanaswali. Corgi ndi galu wokonda kulonjera aliyense, amathamangira mlendo kudzamunyambita mapazi, inu mukuona ngati chikondi koma munthu wavala zoyera akupita ku mzikiti Lachisanu mwamusokonezera zambiri. Nde phunzitsani galu kuti mlendo akagogoda iye apite pamalo pake akagone, kapena mutsekereni kaye musanatsegule geti. Panjira akhale pa chingwe nthawi zonse, mukakumana ndi anthu patukani inuyo, musadikire kuti iwo apatuke, ndipo musanene zoti "saluma uyu" chifukwa nkhani si kuluma kokha. Ana a madrasa akamadutsa gulu madzulo geti likhale lotseka. Mbale zake zikhale zakezake, zisasakanikirane ndi zodyera alendo. Mukatero mudzaona aneba omwewo akuyamikira kuti galu wanu amawadzutsa kukabwera akuba, chifukwa kunena zoona corgi amamva kanthu kakang'ono ndipo mawu ake ndi aakulu kuposa thupi lake.

Kuuwako nakonso kuikireni malire. Akauwa kawiri katatu pitani mukaone, nenani "basi", akakhala chete mpatseni kausipa. Mukamukalipira iye amaona ngati mukuuwa naye limodzi. Usiku agone m'nyumba kapena pakhonde lotseka, akagona panja amayankha galu aliyense wa m'mudzi mpaka mbandakucha.

Ubweya m'nyumba

Amathothoka chaka chonse ndipo kawiri pachaka zimanyanya, makamaka mphepo ya mwera ikatha kutentha kukamayamba, mudzaupeza pa sofa, pa yunifomu ya ana, paliponse. Pesani katatu pa sabata, nyengo yothothoka tsiku lililonse, panja, ndi chipeso cha mano achitsulo chofika mkati. Kusamba kamodzi pamwezi ndi shampu ya agalu kumakwana, sopo wochapira zovala amaumitsa khungu. Akasamba aume mpaka mkati chifukwa chinyezi chikatsalira pansi pa ubweya pamabuka zilonda zonyeka. Zikhadabo ziwengeni mukayamba kuzimva zikulira pasimenti, pamchenga sizitha zokha.

Kunyanja, akuba ndi kubereka

Ma corgi ambiri amakonda madzi koma poti miyendo ndi yaifupi satha kusambira nthawi yaitali, nde azisewera m'mbali mosaya muli naye pa chingwe chachitali, mafunde akakula asalowe. Mu Shire, ku Malombe ndi paliponse pali bango musayerekeze, ng'ona zimakonda agalu kwambiri, ndipo madzulo ndi m'mamawa ndi nthawi yake yoopsa. Kudoko samalani ndi mbedza ndi zidutswa za ukonde, komanso asayandikire pomwe anthu ayanika usipa, ndi malonda a anthu amenewo. Mukabwerako mutsukeni ndi madzi oyera mumupukute m'makutu.

Galu wachilendo ngati uyu amakopa maso, ena amafuna kumuba kuti akagulitse, ena amaponya nyama ya tameki kuti alowe bwino usiku, ndipo poti corgi amadya chilichonse ndi wosavuta kumupha. Mawu oti "siya" aja muwalimbikire kuposa ena onse, m'mawa muzizungulira mpanda musanamutulutse, mankhwala a makoswe ndi a mbewu akhale pamwamba potseka. Mukaona dovu lambiri mwadzidzidzi, kunjenjemera, kutsekula m'mimba ndi timaso tating'ono, imbani foni kwa a vetenale nthawi yomweyo muwauze kuti mukuganizira tameki kuti akonzeretu jekeseni yake, musataye nthawi ndi mkaka kapena mafuta ophikira.

Ngati simukufuna kuswetsa, kambiranani ndi dokotala za kumufula kapena kumutseketsa akakula, ambiri amadikira thupi likhwime kaye. Wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pachaka kwa masabata atatu, agalu a m'mudzi monse amadzazungulira mpanda, ndipo akakweredwa ndi galu wamkulu kwambiri kubereka kumatha kuvuta mpaka kufuna opaleshoni, chomwe kuno si chapafupi. Nthawi imeneyo agone m'nyumba ndipo asatuluke yekha olo pang'ono. Akatseketsedwa chepetsani chakudya pang'ono chifukwa amanenepa msanga kuposa kale, ndipo sikelo ija muzimukweza mwezi uliwonse n'kulemba kulemera kwake kuseri kwa khadi la katemera.